Utsi wa m'Galimoto ya Lucious

A Lazaro Nthala anafika ku Mtunthama ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, atanyamula kachikwama ka mapulaya ndi satifiketi ya zamagetsi yomwe inali itayamba kale kung'ambika. Kwawo kunali kwa Simlemba. Chomwe anadzera chinali ntchito pa esiteti ina ya fodya kutsidya kwa dambo, ndipo anakhalapo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akukonza mapampu othirira nazale, mawaya a mathirakitala ndi magetsi a m'shedi yosankhiramo fodya. Kumeneko ndi komwe anakumana ndi Fainala, mtsikana wosoka fodya wa m'mudzi wogundana ndi esitetiyo. Anadalitsa ukwati ku tchalitchi, a Lazaro n'kulowa chikamwini. Abale a mkazi anawalozera munda wa maekala awiri, dothi lamchenga lomwe fodya anali atalitopetsa kalekale.

Esiteti ija sinagwe tsiku limodzi. Anayamba kugulitsa mathirakitala, kenako mapampu, pomaliza anthu anabwera ndi lole kudzasasula malata a shedi. A Lazaro anachokako ndi zinthu zitatu: mita yoyezera magetsi, magolovesi alabala ofika m'chigongono, ndi chifuwa chomwe sichinawasiyenso. Anapempha malo pakhonde la shopu ya a Yassin, wogulitsa misomali, mawaya ndi masola, ndipo anaika benchi yawo pamenepo. Ankakonza mawailesi, mainveta, nyali za njinga zamoto za akabaza. Ntchito yawo inali yochedwa koma yosabwerera. Munthu akati angomanga waya ndi jumbo kuti apitirize ulendo, iwo ankamubwezera katundu wake n'kunena kuti akayese kwina. Ana anabereka awiri; wamwamuna anamwalira ali wakhanda, wamkazi, Olive, anakwatiwa ku Mzuzu.

Munda uja popanda feteleza sunkabala kanthu. M'zaka za makuponi, chaka china dzina linkatuluka, china ayi, ndipo thumba limodzi ankagawana mabanja anayi ndi beseni. Makuponi atatha, boma linayamba kugwiritsa ntchito zitupa za unzika: dzina likatuluka, mwiniwake amapita ku depoti ndi chitupa chake, amalipira gawo lake, n'kutenga matumba awiri. Pa banja la a Nthala, dzina lomwe linatuluka linali la Fainala.

Chaka chimene mafuta agalimoto anasowa, mizere n'kumagona m'mafilingi siteshoni a pa boma, pa Mtunthama panafika galimoto yosafuna mafuta. Mwini wake anali Lucious, mnyamata wa zaka makumi atatu ndi zingapo, venda amene ankagula fodya m'zigafa za anthu nthawi ya njala, soya ndi mtedza nthawi yokolola. Galimotoyo inali yakale, yochokera kunja, yoyera, yopanda paipi ya utsi. Ankaitchaja kuchigayo. Inkayenda mwakachetechete mwakuti nkhuku ndi agogo ankadzidzimuka itafika kale pamsana. Pomwe eni matola anali kulondera mafuta, Lucious ankangozungulira midzi yonse, kumbuyo kwa galimoto kutatsika ndi katundu.

Lachiwiri lina la Novembala, mvula yoyamba itagwa kawiri, galimotoyo inatulukira pa shopu ya a Yassin cha m'ma naini koloko, utsi woyera ukutuluka m'mawindo akumbuyo. Amayi ogulitsa tomato anasiya malo awo n'kuthawa.

"Madala, ikufuka!" Lucious anakuwa akutsika. "Tabwerani msanga!"

A Lazaro sanathamange. Anaimirira, n'kupukuta manja pa ovolosi.

"Izimitseni, makiyi mundipatse. Anyamata, ikankhireni uko pabwalo, kutali ndi shopu ndi milu ya udzu ija."

Anaizungulira kawiri asanaikhudze. Anali asanakonzepo galimoto yotereyi, koma utsi ankaudziwa kuti uli ndi magwero ake. Anagwira matayala onse anayi ndi kuseri kwa dzanja, kuona ngati mabuleki akugwira okha, anali ozizira. Anatsegula boneti. Batire laling'ono, lofanana ndi la galimoto wamba, linali louma bwinobwino, mafyuzi onse amoyo. Madzi oziziritsa anali pa mzere wake, osadontha paliponse. Anatsegula chitseko chakumbuyo, n'kulowetsa mutu. Fungo linali la pulasitiki wopserera, ndipo pansi pake panali kafungo kena konga mkodzo.

"Wayamba liti utsiwu?"

"Dzulo, pokwera chitunda cha kuchigayo. Unatha wokha. Lero wabwereranso."

"Mumanyamula chiyani kumbuyo kuno?"

"Katundu basi, madala. Ingokonzani."

A Lazaro anabwereka foni ya a Yassin n'kuimbira a Jeremiya, mnzawo wa ku esiteti amene tsopano anali pa galaja ina ku Lilongwe. A Jeremiya atamva, mawu awo anasintha.

"Achimwene, mawaya alalanje musawakhudze ndi manja. Imeneyo si shoko ya wailesi, mugwa pomwepo osadzukanso. Yambani mwamasula batire laling'onolo. Kenako yang'anani pansi, patsogolo pa mpando wakumbuyo, pali kachitseko ka mabauti. Muli pulagi. Muizule mutavala magolovesi, muiike m'thumba lanu kuti wina asaibwezere, mudikire mphindi khumi, muyeze ndi mita. Ikapanda kuwerenga ziro, chokanipo."

"Nanga batire lalikulu lili pati?"

"Mwaliponda. Pansi ponsepo ndi batire. Likayamba kufuka lenilenilo, musatunge madzi. Thawani."

Anachita zonse monga anauzidwira. Mphindi khumi zija anaziwerenga pa wotchi ya m'shopu, Lucious akupondaponda pansi ndi kutukwana chapansipansi. Mita itawerenga ziro, Lucious analandira foni n'kuzungulira kuseri kwa shopu, akukalipira munthu wina za masikelo. A Lazaro anatsala okha m'galimotomo. Anamasula mpando wakumbuyo n'kuutukula.

Kapeti inali yonyowa, yolimba ngati chikopa, yodzaza timibulu toyera tosungunuka. Feteleza. Matumba ankang'ambika n'kutayikira pansi pa mpando, ndipo madzi a mvula ankalowa pa labala wothetheka wa chitseko. Madzi amchere amenewo ankatsika pa kabowo ka pansi n'kudonthera pomwe waya wamkulu walalanje amalumikizana ndi batire. Atakwawira pansi pa galimoto ndi tochi, anaona zonse: mkuwa utadyeka, wobiriwira ngati ndere, nati italekerera, chikopa cha waya chitasungunuka n'kuda. Magetsi akamadutsa pamalo odyeka chotero amapanikizika, pamatentha, makamaka galimoto ikamakwera chitunda italemedwa. Utsi unkachokera pamenepo.

Pobwerera m'kati kuti achotse kapeti, dzanja lawo linagunda kajumbo ka shuga komangidwa ndi legeni, kokankhiridwa pakona pansi pa mpando. Ankaganiza kuti ndi mapepala a galimoto. Atamasula, munali zitupa za unzika, mulu wonenepa ngati njerwa yaing'ono. Anayamba kuzitembenuza. Nkhope zonse ankazidziwa: a dikoni a ku mpingo kwawo, mayi wophika zitumbuwa pa sukulu, nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi. Chachisanu ndi chimodzi chinali cha Fainala, atavala duku lake la ku chigwirizano, maso atatong'ola monga amachitira pa kamera. Chotsatira chake chinali cha Ennie, mng'ono wake wa Fainala, mayi wamasiye wa ana anayi.

Zomwe zinkachitika ankazimva pakhonde tsiku ndi tsiku. Munthu amene dzina latuluka koma alibe cholipirira amapereka chitupa kwa venda. Venda amakalipira matumba onse awiri, limodzi n'kutenga, limodzi n'kupatsa mwini chitupa. A Lazaro anali atanena kunyumba kwawo, osati kamodzi, kuti pakhomo pawo zimenezo ayi. Kuseri kwa shopu mawu a Lucious anali kuyandikira. Anasolola chitupa cha Fainala, n'kuchiponya m'thumba momwe munali pulagi. Cha Ennie anachigwira ndi zala ziwiri, n'kuganiza kuti zikasowa ziwiri mwiniwake azindikira msanga, komanso kuti cholipirira matumba a Ennie alibe. Anachibwezera. Anamanganso legeni, n'kukankhira kajumbo pakona pake.

Ntchito inawatengera mpaka dzuwa litapendeka. Anatsuka mchere wonse ndi madzi ofunda n'kuumitsa. Anadula waya mpaka pomwe mkuwa unali wowala, n'kuvekapo mutu watsopano wamkuwa wa m'shopu ya a Yassin, wa mawaya akuluakulu a sola. Anaufinya ndi vaisi, n'kumanga nati mpaka inati gwa, n'kukulunga ndi tepi wabwino mizere isanu. Kabowo ka pansi anatseka ndi labala ndi guluu. Koma ali chigonere pansi paja, tochi inawaonetsa china. Pakona ya bokosi la batire panali potiwizika, pomwe galimoto inagunda mwala, ndipo m'mphepete mwake dzimbiri linali litatsegula kamng'alu. Atayandikitsa mphuno anamva kafungo kotsekemera, konga mankhwala opaka m'zikhadabo. Anaimbiranso a Jeremiya, ndipo yankho linali lalifupi: isayende.

Anabwezera pulagi, n'kulumikiza batire laling'ono. Galimoto inayaka. Anakwera chitunda cha kuchigayo kawiri ndi anthu anayi m'kati. Utsi panalibe, ndipo pomwe anakonza panali pozizira.

"Ndinu dolo, madala!" Lucious anaseka akuwaomba paphewa.

"Waya ndakonza. Koma batire lanu lavulala, mchere walowa m'kati. Ineyo m'menemo sindingathe. Muikweze pa lole ipite ku Lilongwe. Pakali pano isagone pafupi ndi nyumba, musaitchaje, ndipo feteleza asakwerenso."

"Lole mafuta ake muwapeza ndinu? Depoti ilandira katundu sabata yamawa. Nyengo ikatha ndidzapita nayo."

"Nyengo siitha musanaione ikuyaka."

"Mwamva, a Yassin? Madala ayamba ulosi."

A Yassin, ataima pakhomo la shopu, sanaseke. "Ndamva zomwe anena," anatero.

Madzulo a tsikulo a Lazaro anapeza Fainala akusankha mbewu ya mtedza pamkeka. Anaika chitupa chija pambali pa lichero. Fainala anachiyang'ana osachigwira.

"Mwachitenga kuti, bambo a Olive?"

"Komwe munachisiya."

"Akudziwa mwiniwake?"

"Mwiniwake ndinu. Ndinanena kuti pakhomo pano sitigawana feteleza ndi mavenda."

"Munanena. Nanga cholipirira munanena kuti chichokera kuti? Chaka chatha dzina linatuluka, matumba tinangowaona pamitu pa anzathu. Thumba limodzi n'loposa kunyada kwanuko." Anatola chitupacho n'kuchimanga pa mfundo ya chitenje. "Tinapereka tonse pamodzi, pabwalo la mpira, anthu akuona. Mawa ndikanena chiyani?"

"Musanene kanthu. Ndigulitsa mbuzi."

Za chitupa cha Ennie sanatchule, ndipo Fainala sanafunse.

Patatha masiku asanu ndi anayi, Lachinayi masana, Lucious ali pa ulendo wa ku depoti, galimoto inayamba kulira ngati chimanga chokazinga pafupi ndi kamlatho ka padambo. Iye ndi anthu awiri amene anawanyamula anadumpha. Mayi mmodzi anapsa miyendo pomwe chitenje chinakodwa pachitseko. Amene anaona ankati moto unatuluka pansi ngati wa wowotcherera zitsulo, wowomba, woyera. Anthu a m'madimba anathira madzi a m'zitini, moto n'kumazima n'kuyakanso. Unafuka mpaka tsiku lotsatira. Kajumbo ka shuga kaja kanali pamalo pake pansi pa mpando.

Lucious anakanena ku polisi kuti amene anakhudza galimoto yake komaliza ndi mdala wa pakhonde la a Yassin. A Lazaro anagona m'chitokosi masiku awiri, akutsokomola. A Yassin anatseka shopu, n'kupita kukafotokoza zomwe anamva ndi makutu awo, ndipo a Jeremiya anachitira umboni pa foni. Apolisi anawatulutsa a Lazaro.

Sanapite kunyumba. Anayenda wapansi mpaka ku kamlatho kaja. Chigoba cha galimoto chinali chitakankhiridwa m'mbali mwa msewu, anyamata ogula zitsulo atayamba kale kuchizomola. A Lazaro anagwada m'phulusa n'kusuzumira pansi. Tepi anali atapsa, koma mutu wamkuwa uja unali pamalo pake, nati ili gwa. Pakona potiwizika paja ndi pomwe panaphulika, chitsulo chitatambasuka ngati duwa la dzungu. Anakhala pansi m'mbali mwa msewu, mtima ukutsika pang'ono. Waya wawo sunalakwe. Ankaganiza kuti zimenezo zikwanira.

Kumudzi nkhani inali ina. Mabanja makumi atatu ndi asanu ndi limodzi anali opanda zitupa, feteleza ali m'depoti. Anapita ku boma kukalembetsa zatsopano, koma chitupa sichituluka tsiku limodzi, ndipo mvula sinadikire. Lucious, amene akanawapatsa thumba limodzi limodzi, anasowa pa Mtunthama. Ndiye pa mzere wa ku depoti, tsiku lachitatu la kudikira netiweki, anthu anaona Fainala akumasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa chitupa. Anaona a Lazaro akukweza matumba awiri pa ngolo. Pofika madzulo mudzi wonse unali utawerengera: mkamwini uja anatsegula galimoto, anachotsa cha mkazi wake, patatha sabata galimoto inapsa. Ena ankati anadziwa n'kukhala chete. Ena ankati anatchera yekha waya kuti uyake. Panalinso onena kuti munthu wa kwa Simlemba sangaphe galimoto ndi waya wokha.

Ennie anabwera m'mawa mwake, mwana wake wotsiriza ali kumbuyo. Sanakhale pampando womwe Fainala anamupatsa. Anagwada chapatali, monga amachitira ndi alamu ake masiku onse.

"Alamu, ndabwera ndi funso limodzi. M'kajumbo muja, changa munachiona?"

Fainala anayang'ana mwamuna wake. A Lazaro akanatha kunena kuti anaona chimodzi chokha, kuti nthawi inali yochepa.

"Ndinachiona, mlamu."

"Chinali patali ndi cha achemwali?"

"Chinali chotsatira."

"Ndipo munkadziwa kuti galimotoyo ipsa."

"Ndinamuuza mwiniwake kuti isayende. A Yassin ndi mboni."

"Mwiniwake munamuuza. Ife munatiuza?"

Zoona zake n'zakuti masiku asanu ndi anayi onse aja a Lazaro ankaganiza za batire, za nati, za mbiri ya ntchito yawo ikadzapsa galimotoyo. Kuti zitupa za anthu zikuyendayenda pamwamba pa moto, sizinawafike m'mutu ngakhale kamodzi. Ndipo kunena kukanatanthauza kuulula kuti anapisa dzanja m'katundu wa kasitomala. Ennie anadzuka, n'kukonza mwana kumbuyo.

"Zikomo, alamu. Ndimafuna ndimve kwa inu."

Tsiku lomwelo Fainala anatsegula thumba limodzi, n'kusenza theka kupita nalo kwa mng'ono wake. Ennie analandira. M'mawa kutacha, pakhomo panali amayi ndi mabeseni. Fainala anayeza ndi mbale, mbale imodzi imodzi, mpaka theka lotsalalo linatha. Amene analandira anati mbale imodzi ithira mizere ingati. Amene sanalandire anachoka akulavula. Thumba lachiwiri a Lazaro analilowetsa kuchipinda n'kukhoma ndi loko.

"Mbuzi zinali zanga," anatero. "Limeneli lilowa m'munda mwathu."

Munda wa a Nthala unali m'mbali mwa njira ya ku mjigo. Pofika Januwale chimanga chawo chinali chakuda bii, chofika m'chifuwa, pomwe minda yozungulira inali yachikasu, mapesi owonda ngati bango, ena atamasula ngayaye ali m'mawondo. Mayi aliyense wopita kukatunga madzi ankadutsa pamenepo kawiri pa tsiku. Moni anatha. Ku tchalitchi, benchi yomwe a Lazaro ankakhala inkadzaza komaliza. Pakhonde la a Yassin akabaza anayamba kupitirira ndi njinga zawo kukakonzetsa kwa mnyamata wina wa kumsika, womanga mawaya ndi jumbo. Ankati bola zobwerera kusiyana ndi zopsa. Masiku ena a Lazaro ankakhala kuyambira m'mawa mpaka madzulo osagwira pulaya. A Yassin ankawatumizira tiyi.

Mu Febuluwale, chimanga chitabereka koma chisanakhwime, Fainala anapita kumunda m'mamawa kukathyola nkhwani, n'kubwerako opanda dengu. A Lazaro anamutsatira. Munda wonse unali pansi. Chimanga anali atachitema ndi zikwanje m'munsi, mzere ndi mzere, mosathamanga, ndipo sanatengepo ngakhale chisononkho chimodzi. Mapazi anali ambiri, aakulu ndi aang'ono. Fainala anakhala pamzere n'kuyamba kusenda chimanga chanthete chija, kuona ngati muli maso oti n'kuphika. Munali mkaka wokhawokha. Amayi opita ku mjigo ankadutsa ndi zidebe zawo, maso kutsogolo.

Sabata yomweyo a Levison, mchimwene wake wamkulu wa Fainala, amene ankayang'anira mbumba, anaitana a Lazaro kuseri kwa khola. Anayamba ndi za mvula, za mitengo ya fodya, za chifuwa chija.

"Alamu, inu mwakhala nafe zaka makumi atatu ndi zisanu. Ine ndilibe nanu mlandu. Koma mitima ya anthu yatupa, ndipo lero ndi chimanga, mawa sitidziwa. Bwanji mukapume kaye kwanu, mphepo idutse?"

"Kwathu ndi kuno, alamu. Mwana wanga ali m'manda a kuno."

"Tikudziwa. N'chifukwa chake ndati kaye."

Fainala anafuna kupita nawo, koma onse awiri ankadziwa kuti munda ukasiyidwa chaka chimodzi upeza mwini wina. Anawaperekeza mpaka pa siteji, atasenza chikwama cha zipangizo. A Yassin anawapatsa mpukutu wa waya ndi tepi, n'kuwagwira dzanja nthawi yaitali.

Kwa Simlemba anapeza makolo atapita kale, minda ya bambo awo itagawidwa kwa adzukulu amene ankawadziwa dzina lokha. Anawalandira mwaulemu, n'kuwapezera kachipinda kuseri kwa golosale. Chitumbuka chomwe anakula nacho chinkawabwerera pang'onopang'ono, ngati dzanja lochita dzanzi. Anaika benchi pansi pa mtengo wa mango n'kumakonza matochi ndi matchaja a foni. Nkhani ya galimoto inawatsatira, koma inafika itafooka. Kumeneko ankangoti ndi mdala amene anakonzapo galimoto yamagetsi, ndipo ena ankabwera kudzafunsa ngati n'zoona kuti ilibe injini.

Chaka chimenecho njala inaluma midzi ya ku Mtunthama kuposa zaka zonse zomwe anthu ankakumbuka. Zitupa zatsopano zinafika, koma chaka chotsatira maina ambiri sanatulukenso. Mabanja angapo anatseka zitseko ndi minga n'kupita kukalowa utenanti. Ennie anali m'gulu limenelo; anakwera lole ya mwini esiteti wina wa ku Mzimba ndi ana ake onse anayi. Lucious anamveka kuti ali ku Mchinji, akugula soya pa njinga yamoto.

Fainala amabwera kwa Simlemba kawiri pa chaka, akakolola ndiponso mvula isanayambe. Amabweretsa mtedza ndi ufa pang'ono, amachapa zofunda, amakhala masiku atatu. Ulendo wa mu Julaye wapitawu anafika atameta. A Lazaro anaona mutuwo duku litasuntha, ndipo anadikira mpaka mkazi wawo atakhala pansi.

"Ndani?"

"Chance. Wotsiriza wa Ennie. Anatupa miyendo ku esiteti kuja. Anabwera naye pa lole mu Meyi."

"Mu Meyi? Osanditumizira uthenga?"

"Achimwene anati tisakuvutitseni ndi ulendo."

A Lazaro anatsokomola nthawi yaitali, atagwira benchi. Mwanayo ankamukumbuka bwino. Ndi iwo anamupangira kagalimoto ka mawaya ali ndi zaka ziwiri, asanathe n'kukankha komwe.

"Ndipite ndikapepese maliro. Ennie ali kumudzi?"

"Alipo. Sanabwererenso ku Mzimba."

"Ndiye tinyamukire limodzi Lachisanu."

Fainala anatola ulusi pa chitenje chake, n'kuupota pa chala.

"Dikirani kaye, bambo a Olive. Ndikamufunse."

Lachisanu anamuperekeza ku msewu, n'kumukweza pa kabaza. Ogasiti anadutsa, Seputembala n'kutha. Nazale za fodya zabiriwira kale m'madambo a kwa Simlemba, ndipo yankho silinafike. Mnyamata wa pa golosale akuti foni ya pagolosalepo ikangolira, mdalayo amasiya chomwe wagwira n'kutembenuka.